Gawo 256 la Pac-Man ndi zolakwika zina za m'magemu

(Pa sikirini: Pac-Man, theka la kumanja litadzaza zilembo zosokonekera)

Moni nonse okonda magemu. Tayang'anitsitsani chithunzichi. Kumanzere tinjira ta Pac-Man tili bwinobwino, koma kumanjaku kuli chipwirikiti cha zilembo ndi manambala. Makina sanawonongeke ayi. Limeneli ndi gawo 256, ndipo silidutsika.

Kampani ya Namco potulutsa gemuyi mu 1980, nambala ya gawo inkasungidwa mu byte imodzi, kamalo kakang'ono kosungira nambala m'kompyuta. Byte imasunga manambala kuyambira 0 kulekezera 255. Mukawonjezera 1 pa 255, imabwerera pa 0. Tsono pali kachidutswa ka pulogalamu kojambula zipatso m'munsi mwa sikirini, kamene sikayenera kupitirira zipatso zisanu ndi ziwiri. Kakalandira 0 kamasowa poimira, n'kujambula zithunzi 256, kufufuta zomwe zinali mu memory (mosungira deta) ya mbali ya kumanja. Kumeneko kumatsala timadontho 9 tokha, pamene gawo limatha mukadya 244.

Donkey Kong ya Nintendo, ya mu 1981, ili ndi nthenda yomweyi. Nthawi yosewera imapezeka chonchi: nambala ya gawo, wonjezerani 4, chulukitsani ndi 10. Pa gawo 22 yankho ndi 260. Byte siyingasenze 260, choncho pamatsala 4. Mario, kamunthu kamene mumayendetsa, amafa patangodutsa masekondi ochepa, kaya mukhale katswiri wotani.

(Pa sikirini: kamunthu kakuthamangira kukhoma)

Nanga zija zodutsa m'khoma ngati mzukwa zimachitika bwanji? Apa mvetsetsani, chifukwa ndi bug (cholakwika cha m'pulogalamu) imene aliyense woyamba kupanga gemu amakumana nayo. Munthu wa m'gemu sayenda mosalekeza monga maso amaonera. Amadumpha kuchoka pa chithunzi china kufika pa chinzake. Tiyerekeze gemu ikuonetsa zithunzi 30 pa sekondi, ndipo chinthu chikuthamanga mamita 30 pa sekondi. Ndiye kuti pa chithunzi chilichonse chikusuntha mita imodzi. Khoma ndi lochindikala masentimita 20. Pa chithunzi choyamba chili kuno, pa chachiwiri chili kale kuseri. Gemu ikafunsa kuti "kodi chagunda khoma?", yankho ndi ayi kawiri konse.

Mankhwala ake alipo awiri. Mungathe kujambula mzere kuchokera pomwe chinthu chinali kukafika pomwe chikupita, n'kuona ngati mzerewo wadula khoma. Kapena mugawe sitepe imodzi, kutanthauza kusuntha kwa pa chithunzi chimodzi, kukhala timasitepe ting'onoting'ono. Super Mario 64 ya mu 1996 imagawa sitepe panayi, komabe anthu adaigonjetsa. Opanga adaika malire a liwiro lopita kutsogolo, koma pa kudumpha kotalika chafutambuyo malirewo kulibe. Osewera akamadumpha chafutambuyo mobwerezabwereza pa masitepe okwerera, liwiro limakwera mpaka Mario amapyola masitepe osatha a m'gemuyi, amene amafuna kuti mukhale mutatolera nyenyezi 70, iye alibe nyenyezizo. Ndi luso loti munthu ukaliona umachita kuomba m'manja.

(Pa sikirini: mzinda wa Ironforge, mafupa ali mbwee m'misewu)

Cholakwika ichi ndi cha mtundu wina, ndipo kwa opanga magemu ndicho chovuta kuchigwira, poti palibe nambala idasefukira. Mu September 2005, kampani ya Blizzard idatsegula malo a Zul'Gurub mu World of Warcraft, gemu imene anthu ambiri amasewerera limodzi pa intaneti. Chilombo cha kumeneko, Hakkar, chinkapatsa osewera matenda otchedwa Corrupted Blood, opatsirana kwa amene waima pafupi. Cholinga chinali choti athere komweko. Chimene opanga sadachiganizire ndi ziweto za osewera. Munthu ankatha kubisa chiweto chake chili chodwala, n'kukachitulutsa pakati pa mzinda wa Ironforge kapena wa Orgrimmar matenda akadali m'thupi. Anthu a m'gemu oyendetsedwa ndi kompyuta ankawatenga osafa, n'kumapatsira aliyense wodutsa. Osewera a mphamvu zochepa ankangogwa nthawi yomweyo.

Lamulo la matenda linkagwira bwino palokha, lamulo la ziweto chimodzimodzi. Vuto lidabadwa pomwe awiriwa adakumana, malo amene woyesa gemu sangawaone ngati akuyesa chinthu chimodzichimodzi. Kuika odwala paokha kudakanika, popeza osewera ena ankafalitsa dala. Blizzard idachita kuzimitsa ndi kuyatsanso maseva (makompyuta oyendetsa gemuyi), kenaka n'kukonza kuti ziweto zisamatengenso matendawo.