Makalata a omvera: ana a kuno, ana okulira kunja, ndi ntchito yoyendetsa ndege za dziko lathu

Takulandirani, omvera athu, ku gawo la makalata. Sabata yatha tidakamba za achinyamata amene akuphunzira kuyendetsa ndege, ndipo pa makalata amene afika ndasankhapo atatu. Eni ake adapempha kuti maina awo asatchulidwe pa wailesi, ndipo pempho lawolo tililemekeza.

Kalata yoyamba ndi ya mayi wina wa ku Zomba, amene adapuma pa ntchito ya uphunzitsi. Alemba motere:

"Mwana wanga wamwamuna adabadwira kuno, adaphunzira m'sukulu za boma ndipo adakhoza bwino MSCE. Ine ndi bambo ake tidagulitsa puloti, tidaphatikizapo ndalama zanga za penshoni ndi ngongole, n'kumutumiza ku South Africa kukaphunzira kuyendetsa ndege. Ali pakati pa maphunziro kwacha idagwa, ndalama zakunja zidasowa, ndipo adakhala miyezi ingapo osauluka. Pomaliza adatenga laisensi ya CPL, imene imalola munthu kuyendetsa ndege ngati ntchito yolipidwa, n'kubwerera kumudzi ndi maola ouluka opitirira pang'ono 200. Tsopano chaka chatha ali pakhomo, akuthandiza amalume ake mu shopu. Chimene chikundisowetsa tulo n'chakuti ana a anzathu amene adakulira ku England ndi ku America nawonso akufuna ntchito yomweyi ku kampani ya ndege ya dziko lathu. Chingerezi chawo n'chapamphuno, ndipo makolo awo amalandira mapaundi ndi madola. Kodi n'chilungamo kuti mwana wokulira kuno, amene makolo ake akhala akukhoma msonkho kuno, apikisane ndi amene dziko lino amangolionera pa tchuthi cha Khirisimasi?"

Mayi, zikomo kwambiri. Kugwa kwa kwacha kumene mukunenaku tonse tikukukumbukira, makamaka mu Novembala 2023 pamene idatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti tsiku limodzi, ndipo kholo lililonse limene linkalipira fizi kunja lidaona ngongole yake ikukula popanda kubwereka tambala ina. Choncho nkhawa yanu ndi yomveka.

Tiyambe ndi kukula kwa munda umene anawa akulimbiranawo. Air Malawi itatsekedwa mu 2013, kampani yatsopano, imene lero tikuitcha Malawi Airlines, idayamba kuuluka mu 2014, boma lathu lili ndi magawo 51 pa 100 alionse ndipo Ethiopian Airlines ili ndi 49. Ndege zake n'zowerengeka, za mitundu ya Boeing 737 ndi Q400, ndipo zimapita ku Johannesburg, Lusaka, Harare, Dar es Salaam ndi Nairobi. Kampani ya ndege zochepa siingalembe oyendetsa ndege atsopano chaka chilichonse. Mpando umapezeka wina akapuma, akachoka, kapena ikabwera ndege ina. Ngakhale kukadapanda mwana ndi mmodzi yemwe wochokera kunja, mwana wanu akadadikirabe.

Za Chingerezi chapamphuno, mtima wanu ukhale m'malo. Bungwe loona za maulendo a pandege pa dziko lonse la ICAO limafuna kuti woyendetsa ndege zodutsa malire afike pa mlingo wachinayi wa Chingerezi, pa milingo isanu ndi umodzi imene ilipo, ndipo chimene amayesa ndi kumveka bwino ndi kumva msanga pa wailesi ya m'ndege, osati kulankhula ngati wa ku London. Mawu ambiri amene woyendetsa ndege amalankhulana ndi a pa nsanja yowongolera ndege ndi oikika kale, ndipo mwana wa ku Zomba amawaloweza monga wina aliyense.

Pamene mwakhudza chilonda chenicheni ndi pa mapaundi ndi madola. CPL ndi khomo chabe. Kuti munthu akhale kaputeni wa ndege zikuluzikulu zonyamula anthu amafunika laisensi ya ATPL, imene imafuna maola 1,500, ndipo ngakhale wothandiza kaputeni amafunika maphunziro apadera a mtundu wa ndege imene adzayendetse, amene eni ntchitoyi amawatcha type rating, ndipo mtengo wake ndi madola zikwizikwi. Kuwonjezera apo, chiphaso cha dokotala cha Class 1 ndiponso chilolezo choulukira m'mitambo podalira zipangizo zimafuna kukonzedwanso kawirikawiri. Banja lokhala ndi ndalama zakunja limalipira zonsezi mwana akudikira ntchito, pamene mwana wanu mwezi uliwonse umene ali mu shopu luso lake likuchita dzimbiri. Kusiyana kumeneku ndi kwa ndalama, ndipo kumam'pweteka mwana wanu ngakhale mnzake wopikisana naye atakulira ku Area 10 kapena ku Namiwawa.

Langizo langa n'lakuti asamangoyang'ana khomo limodzi. Ambiri amene lero akuyendetsa ndege zazikulu adayamba ndi ndege zing'onozing'ono zonyamula alendo okaona malo, monga zimene zimauluka kuchokera ku Maun m'dziko la Botswana kupita ku Okavango, ndipo ena adatenga chilolezo chophunzitsa anzawo kuti maola azichuluka uku akulandira kangachepe. Ngati banja lingathe kupeza ndalama ina pang'ono, ipite ku zinthu zosunga laisensi yake kuti isathe mphamvu.

Kalata yachiwiri yachokera ku Leeds, ku England, ndipo ikuyankha ngati kuti wolembayo adamva mayi wa ku Zomba uja:

"Ndidachoka ku Lilongwe ndili ndi zaka zisanu. Mayi anga amagwira ntchito yosamalira okalamba, nthawi zambiri usiku, ndipo ndi iwo andithandiza kulemba kalatayi m'Chichewa. Ndili pafupi kumaliza maphunziro oyendetsa ndege, ndipo ngongole imene ndili nayo ndidzabweza zaka zambiri. Ndimalakalaka kudzagwira ntchito kwathu, koma nditanena zimenezi pa ukwati wa msuweni wanga, achibale ena adati ndikufuna kudzalanda ana a kumudzi chakudya cha pakamwa. Kuno amandifunsa kuti kwanu n'kuti, kwathunso akuti ndine mlendo. Kodi ndibwere kapena ndisiye?"

Achemwali, inu sindinu mlendo. Mwana wa zaka zisanu sasankha kokakulira, ndipo Nyumba ya Malamulo idavomereza mu 2018 kuti Mmalawi angathe kukhalanso nzika ya dziko lina, choncho ngati mapepala anu a unzika ali m'malo, ufulu wanu wofunsira ntchito ndi wofanana ndi wa mwana wa ku Zomba. Kalata yanu yatikumbutsanso kuti si onse okhala kunja amene ali ndi chuma. Ndalama zambiri zimene zimafika m'midzi mwathu zimachokera kwa amayi ogwira ntchito usiku ngati mayi anuwo.

Komabe ndikuuzeni zoona, popeza mwafunsa ndi mtima wonse. Laisensi ya ku Britain siigwira ntchito yokha pa ndege yolembetsedwa kuno. Iyenera kuvomerezedwa kapena kusinthidwa ndi akuluakulu oona za ndege m'dziko muno, ndipo muyembekezere kuyesedwa pa malamulo athu a za maulendo a pandege. Muwerengetserenso bwino ngati malipiro a kuno angabweze ngongole ya mapaundi. Nyengo yathu muyenera kudzaiphunzira modzichepetsa: mvula ya mabingu ya m'dzinja, chiperoni chimene chimaphimba Chileka m'miyezi yozizira, ndi bwalo la Kamuzu limene lili pamtunda wa mamita oposa 1,200, pamene mpweya wopepuka wa mu Okutobala umachititsa ndege kuthamanga mtunda wautali isananyamuke.

Chimene achibale anu akuopa, ngakhale adachinena mopweteka, chili ndi maziko ake. Kampani yaing'ono ikaphunzitsa munthu ndi ndalama zambiri, iye n'kungokwanitsa maola n'kupita ku Emirates kapena Qatar Airways, dziko limakhala kuti lalimira ena. Koma okulira kuno nawonso amachoka malipiro abwino akawaitana, ndipo mankhwala ake ndi mgwirizano wosainirana wakuti amene waphunzitsidwa agwire ntchito zaka zakutizakuti asanachoke, ndipo ukhale wofanana kwa onse. Ngati mwakonzeka kusaina ndi kukhala, bwerani.

Maganizo anga pa makalata awiriwa ndi awa. Sindikugwirizana ndi zoti munthu atsekeredwe khomo chifukwa cha kumene adakulira, komanso sindingavomere kuti mpikisano uli bwino pamene wopambana amadziwika ndi thumba la makolo mayeso asanayambe. Ndikadakonda kuona ndondomeko imene achinyamata amasankhidwa poyera, kudzera m'mayeso a masamu, sayansi, thanzi ndi luso la manja ndi maso, asanafunsidwe za ndalama, kenaka opambanawo n'kupatsidwa ngongole yodzabweza ali pa ntchito. Anzathu a Ethiopian Airlines ali ndi sukulu yawo ya oyendetsa ndege ku Addis Ababa, ndipo popeza tili nawo limodzi mu kampani, aphungu athu angathe kufunsa boma kuti ndi ana angati a dziko lino amene angaphunzire kumeneko mwa njira yotere. Mipata ya ntchito nayo izilengezedwa m'nyuzipepala pamodzi ndi zonse zofunika, kuti wogwa adziwe pamene wagwera, chifukwa mphekesera za kukondera zimamera pamene anthu sakuona mmene kusankha kwayendera.

Kalata yomaliza ndi yaifupi, ya mnyamata wa Fomu 3 ku Rumphi. Akuti: "Bambo anga ndi mlimi wa fodya. Nditamva pulogalamu yanu ndidataya mtima. Kodi ndisiye kulota za ndege?"

Achimwene, musasiye, koma muyende mwadongosolo. Limbikirani masamu, physics, jogalafe ndi Chingerezi. Banja lisanagulitse ng'ombe ngakhale imodzi, mukayezetse kaye kwa dokotala wovomerezeka wa oyendetsa ndege, chifukwa vuto la mtima kapena kulephera kwa maso kusiyanitsa mitundu, monga wofiira ndi wobiriwira, kungathe kutseka njirayi ndalama zitapita kale. Mufufuzenso za gulu la ndege la asilikali athu a Malawi Defence Force ku Zomba, komanso ntchito zokonza ndege ndi zowongolera ndege pa nsanja, zimene zimafunanso ana okhoza masamu. Ndipo muwerenge mbiri ya Kaputeni Yolanda Kaunda, amene mu 2016 adakhala mayi woyamba wa dziko lino kufika pa udindo wa kaputeni. Mukalemba MSCE mudzatilemberenso, mudzatiuze mmene masamu ayendera.