Voice note ya kapitawo kwa anyamata oyamba Lolemba ku substation

Eee anyamata mwaswera bwanji, ndine kapitawo wanu uja. Ndati ndijambuliretu izi poti Lolemba nthawi sipezeka, galimoto inyamuka 6 koloko pa Kamuzu Road, ndiye aliyense amvetsere mpaka kumapeto osangoika kachala mmwamba basi.

Komwe tikupitako si kwa magetsi a mnyumba mwazolowera aja a 230 volts ayi. Mukaona substation ngati ya ESCOM ya pa Nanjoka ija, mawaya akuluakulu amabwera ndi 132,000 volts, thiransifoma nkutsitsa kufika 33,000, ndiye magetsi oterowo sadikira kuti uwagwire, amalumpha okha mumphepo kukupeza pomwe waima. Nchifukwa chake makwerero, chitsulo, paipi, chilichonse chachitali timanyamula chogoneka, anthu awiri, mmunsi mwa phewa, osati kuimika ngati ukukathyola mango. Tepi yoyezera yachitsulo ija isiyeni kunyumba. Mkono osamaukweza kuloza zinthu, lozani ndi pakamwa.

Tsono chachikulu ndi ichi, ndipo ndibwereza mpaka mutope nane. Waya aliyense ali ndi moto mpaka uwone ndi maso ako kuti earth, waya wolumikiza layini ku nthaka, yamangidwa. Wina akakuuza kuti azimitsa kale amwene kwerani, olo akhale wamkulu bwanji, olo ndikhale ine ndemwe, funsa pemiti ili kuti, ndani wasaina, loko ali pati. Pepalalo limanena malo enieni ogwira ntchito, ndipo timatchinga ndi chingwe, kunja kwa chingwecho kulibe zako ngakhale sipanala yako itagwera komweko, umandiitana ine.

Kuzimitsa kumayenda chonchi, ngakhale inu simudzagwira switch, pali anthu ake ovomerezeka. Amayamba bureka chifukwa ndi yomwe inapangidwa kudula magetsi akuyenda, kenako isolator yomwe umaiona ndi maso kuti yayasama, ukayamba ndi isolator moto wake umatha kusungunula chitsulo. Akatero loko ndi chikwangwani. Kenako tesita yoyezera ngati waya uli ndi moto, ndipo tesitayo amayamba aiyesa kaye ngati ikugwira, kuyeza mawaya onse atatu, kuiyesanso, chifukwa tesita yakufa imakhalanso chete ngati layini yozimitsa. Pomaliza earth, kuyamba kumanga mbali ya pansi kenako ndi ndodo yapadera yosadutsa magetsi kukoleka ku waya, pochotsa kuyamba kumwamba.

Mwina wina akuti zonsezi zachani poti bureka yatseguka kale. Ndikuuzeni zomwe ndinaona ndili ku kampani ina, sinditchula. Tinazimitsa bwinobwino, mnyamata wina wamanga kale lamba phazi lili pa makwerero akuti bwana dzuwa likutipweteka tiyeni, mdala yemwe anatiphunzitsa ntchito anangomugwira kolala nkuti dikira. Kufikitsa tesita ija, pyiii, kufiira. Kani munthu wina kutsogolo analiza jenereta ya pa chigayo osadula mbali ya layini, magetsi nkubwerera kudzera mu thiransifoma, 400 volts ya jeneretayo kukwera kukhala masauzande. Mnyamata uja anakhala pansi pa miyala, nsima ya masana sanaidye. Masiku anonso magetsi sachokera ku Shire kokha, kuno ku Salima tili ndi sola ya kampani ya JCM ya 60 megawatts kuyambira 2021, ndiye layini imatha kudyetsedwa mbali ziwiri. Komanso waya wozimitsa akayandikana ndi wina wamoto mtunda wautali amatengako mphamvu osakhudzana nkomwe, ma capacitor ndi ma cable nawo amasunga moto ukazimitsa. Earth ndi yomwe imameza zonsezo.

Zovala ndikudziwa muvuta, kutentha kwa Okutobala kuno timakudziwa tonse, koma ovolosi sitimanga mchiuno, manja aatali mpaka kumapeto, helimeti, nsapato za sefite. Jezi ya mpira ya nayiloni mkati ayi, moto ukabuka imasungunukira pakhungu, valani ya thonje. Mphete, tcheni, wotchi zonse vulani, a pabanja madamu akafunsa muwamvetsere voice note yomweyi. Magolovesi a labala muziwapopa mpweya kaye kuona ngati sanabooke.

Miyala yothiridwa pansi ija si yokongoletsa, imathandiza kuti magetsi asadutse mmapazi pakachitika vuto, ndiye osaikumba kapena kuisesera pambali. Waya akagwa pansi osathamanga, miyendo pamodzi nkumakhwekhwereza pang'onopang'ono kuchoka, chifukwa ukatambasula phazi lina limakhala pa mphamvu yosiyana ndi linzake, moto nkukwera mwendo uwu kutsika winawu. Mnzako akagwidwa, ndikudziwa mtima umafuna kumukoka, osamukhudza, ndodo ya mtengo pa magetsi awa sithandiza, kuwa, azimitse kaye. Ndipo olo adzuke nkumati ndili bhobho timapita naye kuchipatala basi, mtima umatha kusokonekera pambuyo pake.

Mitambo ikayamba kuda cha kunyanjako, kugunda kamodzi kokha tonse pansi. Potsegula zivundikiro za ngalande za ma cable muziyamba mwasuzumira, njoka zimakonda mmenemo. Wofika akununkha za dzulo abwerera pa geti.

Aliyense abwere ndi botolo la madzi la 2 litazi ndi ID. Amene nsapato sanalandire andilembere size usiku uno.