N'chifukwa chiyani Chingerezi cha m'filimu chimatithawa?

[Pakanema: m'kalasi, magetsi azimitsidwa, ophunzira onse maso ali kutsogolo]

Moni nonse. Aphunzitsi a Chingerezi alowa n'kunena kuti lero sitilemba, tionera filimu. Kalasi yonse chimwemwe tsaya. Koma patangopita mphindi khumi, wophunzira wina, yemwe galamala amaikhoza bwino pamayeso, wangoti kukamwa yasa. Anzake awiri akaseka, iye akuseka nawo mochedwa, chomwe chaseketsa osachidziwa. Filimu itatha akunong'oneza mnzake: "Iwe, anthu aja amalankhuladi Chingerezi?"

Amalankhuladi. Tiyeni tione chomwe chamuchitikira mnzathuyu.

[Pakanema: mawu akuti ma-la-mu-lo akutuluka phatikizo limodzilimodzi]

M'Chichewa pafupifupi phatikizo lililonse limathera ndi lembo la liwu, ndipo onse amamveka bwinobwino: ma-la-mu-lo. Khutu lathu linazolowera zimenezo. Chingerezi chimayenda mwina. Chimatsindika maphatikizo ena, otsalawo n'kuwameza. M'buku mwalembedwa going to, pakamwa pamatuluka gonna. Want to amasanduka wanna. Ndipo papepala mawu amalekanitsidwa ndi mipata, koma wolankhula sasiya mipata, amangolumikiza ngati chingwe. Ndiye mawu amene wophunzira uja amawadziwa bwino, ngakhale kuwalemba osalakwitsa, akumudutsa osawazindikira.

Palinso china. Aphunzitsi m'kalasi amalankhula modekha mwadala, amabwereza, amayang'ana nkhope zathu ngati tamva. Wosewera filimu alibe nafe ntchito. Akunong'ona, akulira, akulankhula chakudya chili m'kamwa, kumbuyo nyimbo ili pokopoko. Komanso kalankhulidwe ka ku London n'kosiyana ndi ka ku Texas kapena ku Lagos.

[Pakanema: 318, kenako 3,000]

Tsopano manambala pang'ono. Mu 2009 akatswiri awiri, Stuart Webb ndi Michael Rodgers, anawerengera mawu a m'mafilimu 318. Anapeza kuti wodziwa mabanja a mawu 3,000 ofala kwambiri, kuphatikiza mayina a anthu ndi malo, amakhala akudziwa pafupifupi mawu 95 pa 100 aliwonse. Banja la mawu ndi monga walk, walked, walking, onsewo kuwawerenga ngati amodzi. Zikumveka zambiri, eti? Koma zikutanthauza kuti pa mawu 20 alionse, amodzi ndi achilendo. Munthu akamalankhula mawu 150 pamphindi, ndiye kuti mphindi iliyonse mukupunthwa kasanu n'kawiri kapena kupitirira. Mukaima kuti muganizire mawu amodzi, ziganizo zitatu zadutsa kale.

Mantha nawo amawonjezera. Stephen Krashen, katswiri wa kaphunziridwe ka zilankhulo, ankanena m'zaka za m'ma 1980 kuti nkhawa imakhala ngati chotchinga, mawu safika pomwe ayenera kufika. Wophunzira amene akudziwa kuti pamapeto aimiritsidwa kuti afotokoze zomwe waona, mtima umakhala uli pa funso lija, filimu ikungodzipitira.

[Pakanema: chigawo cha filimu, mawu olembedwa akuoneka m'munsi]

Nanga mawu olembedwa m'munsi aja? Amathandiza, makamaka akakhala a Chingerezi chomwecho, chifukwa diso limauza khutu kuti phokoso lija linali mawu awa. Choipa chake n'chakuti maso amakonda kulanda ntchito yonse. Umatha filimu yonse ukuwerenga, khutu lili mtulo.

Ine m'kuona kwanga, kuonera filimu ya maola awiri kamodzi n'kamodzi n'kosangalatsa, koma pophunzira chilankhulo phindu lake n'lochepa. Bola kutenga kachigawo ka mphindi ziwiri kapena zitatu. Koyamba onerani popanda mawu olembedwa, mungogwira kuti ndani wakwiya, ndani akunama; nkhope ndi manja zikuuzani zambiri. Kachiwiri tsegulani mawuwo, muime pomwe munasochera, mutchule mokweza momwe wosewerayo watchulira, ngakhale anzanu akusekeni. Kachitatu atsekeninso.

[Pakanema: wophunzira uja, zomvera zili m'makutu, akubwereza kachigawo komwe kanaseketsa anzake]

Ulendo wachitatuwu ndi umene mnzathu uja akumva kuti chiganizo chomwe chinamuthawa chinali ndi mawu asanu okha, onse owadziwa kuyambira kale. Akuseka yekha, wosewerayo asanamalize n'komwe kulankhula.