Mphwanga, simenti ija usaithire m'chipala

Mphwanga, waswera bwanji kumeneko? Amayi aswera bwanji, bondo lija layamba kumvera mankhwala? Ine ndangoweruka kumene, ndiye ukamva phokoso usadabwe, ndakhala panja pafupi ndi msewu. Uthengawu utalika, choncho peza pokhala. Ngati amayi ali pafupi ukweze foni amve nawo, chifukwa alongo athu andiuza kuti kunyumba kwavuta, akuti iwe ukufuna kuwaotchera nyumba ndi gasi.

Zithunzi zako ndaziona. Mipeni iwiri ija wasula pa mbaula yatuluka bwino, makamaka waung'ono uja. Dzanja limeneli ndi la agogo aamuna a ku Katete, sindikukunamiza. Koma pa chithunzi chachitatu ndaona thumba la simenti ndi ndowa ya mchenga zili pambali pa chitini chimene ukufuna kupangira chipala cha gasi chosulira mipeni, n'chifukwa chake sindinafune kudikira Lamlungu. Simenti imeneyo ukazire nayo khonde la amayi pamene pakumbika paja. M'chipala cha gasi isalowemo.

Ndikunena izi chifukwa zinandionekera. Chipala changa choyamba kuno ku Johannesburg ndinachimata ndi simenti yomangira nyumba yomweyo, ndili ndi mtima woti ndapulumutsa ndalama. Simenti imagwira chifukwa cha madzi, ndipo ngakhale iume gwa, madziwo amakhalabe m'kati mwake. Ukaiotcha kwambiri amasanduka nthunzi, nthunziyo n'kusowa potulukira. Tsiku loyamba chinangochita ming'alu. Tsiku lachiwiri ndikuwerama kuti ndione chitsulo, ndinangomva kuti phu! Kachibenthu kotentha kanandipeza pamwamba pa diso. Chipsera chija munkandifunsa nditabwera pa Khirisimasi, ine n'kumati ndinagunda chitseko, ndi chimenecho. Amayi mundikhululukire, ndinakunamizani. Ndipo ngakhale isaphulike, simenti imamwa moto. Gasi wako azithera kutenthetsa khoma, chitsulo chili phee, chongofiirira.

Tiyambe ndi chitini. Asakunamize munthu kuti udule botolo la gasi wophikira. Ngakhale lizioneka ngati latha, m'kati mumatsala mpweya, ndipo grinder ikangotulutsa nthethe, basi. Komanso ndi lalikulu kwambiri pa ntchito ya mipeni. Pita kwa anyamata okonza mafiriji, uwapemphe kathanki kotha kaja amathiramo gasi wa m'firiji, kamene amangokataya. M'mimba mwake kamakhala masentimita ngati 24. Utsegule valavu yake panja, ukabowole, ukadzaze madzi ndi kuwakhuthula, kenako ndiye udule. Kutsogolo udule pakamwa poti mbano ndi mpeni zilowe bwino, kumbuyo kabowo kakang'ono koti mpeni wautali uzitulukira nsonga. Kabowo ka kumbuyoko masiku ambiri uzikatseka ndi njerwa. Miyendo akakuwotcherere anyamata a ku Kalingalinga mu Lusaka momwemo, kuchokera ku Mtendere kwanuko si patali, ndipo ntchito yake ndi ya mphindi zochepa. Uwauzenso aike kashelefu patsogolo posanjikapo njerwa.

Tsopano chimene chimapangitsa kuti chipala chikhale chipala ndi chovala cha m'kati. Pali chinthu china choyera ngati thonje, chimabwera chokulungidwa ngati bulangeti. Dzina lake ndi ceramic fibre, koma ambiri amangoti Kaowool. Chimene ndakugulira ndi chokhuthala mamilimita 25, chopirira moto mpaka madigiri 1260. Uyale kawiri, chimodzi pamwamba pa chinzake, kuti khoma likhale masentimita 5, ndipo polumikiza pa choyamba pasakumane ndi polumikiza pa chachiwiri. Udule chotalikirako pang'ono kuti ukachilowetsa chizidzikankha chokha kumakoma, sipafunika guluu. Usachipsinje ngati ukutsendera fodya m'thumba. Chimasunga kutentha chifukwa cha mpweya umene uli pakati pa timaulusi take, ndiye ukachifinya wachipha.

Apa ndiye mvetsera, ndipo amayi muzimukumbutsa. Thonje limeneli ndi lokongola koma ndi loipa m'mapapo. Ukamalidula limatulutsa tifumbi tosaoneka, tonga timagalasi, ndipo tikalowa m'chifuwa sitituluka msanga. Likapsa kangapo ndiye limafumbutuka kwambiri. Ndaika masiki yeniyeni m'katundumo, yolembedwa FFP3, usagwiritse zansalu zija za nthawi ya Covid. Uvale malaya aatali manja ndi magolovesi, uliwaze madzi pang'ono usanadule, ndipo ana a alongo athu asakhale pafupi. Ine ndinalidulapo ndili ndi vesiti yokha, usiku wonse ndinadzikanda ngati ndagona pa chitedze. Zotsala uzimange m'pulasitiki, zisangoti mbwee pabwalo pamene amayi amayanika ufa.

Ndiye thonjelo silisiyidwa pamtunda. Ukaona pa intaneti anthu akuyatsa moto pa thonje losamata, dziwa kuti fumbi lonse likuuluka ndi lawi n'kumapita kumaso kwawo. Pali zinthu ziwiri zolimata nazo. Choyamba ndi timadzi tili m'kabotolo, amati rigidizer. Uwaze thonje lonse mpaka linyowe, ulisiye liume, lidzalimba ngati chikhokho cha nsima. Popanda timadziti, dothi limene ubwere nalo pamwamba lidzakhala ngati wamata pa pilo, kungokhudza pang'ono lathetheka. Chachiwiri ndi ufa wotuwa uli m'thumba, umaoneka ngati simenti koma si simenti yathu ija, ndi wa m'ng'anjo, amati castable refractory. Ukandire ndi madzi ochepa kwambiri, kuti ukaumba kampira m'manja kagwirane osadontha. Anthu ambiri amalakwa pamenepa, amathira madzi ngati akuphika phala chifukwa choti chimamatika mosavuta, kenako chikauma chimang'aluka paliponse. Umate mokhuthala ngati chala chako chaching'ono kuzungulira monse, mpaka m'milomo ya pakamwa ndi m'bowo la burner, payipi yotulutsa lawi la gasi, pasaoneke poyera ngakhale pamodzi. Pansi ukhuthalitseko, chifukwa ndi pamene chitsulo chizikhulika tsiku ndi tsiku. Ukadzafika polumikiza zitsulo pamoto ndi borax, ufa woyera wothandiza kuti zigwirane, udzandiuze kaye. Borax akasungunuka amadya thonje lija ngati madzi otentha pa shuga, ndiye pamafunika kuyala kanjerwa ka m'ng'anjo kamene ungamakasinthe.

Ukamata, manja m'thumba. Ndikukudziwa iwe, udzafuna kuyatsa madzulo omwewo kuti anzako aone. Uchikute ndi pulasitiki tsiku lathunthu kuti chigwire, kenako uchivundukule chikhale pamthunzi masiku atatu kapena anayi. Kutentha kwa Okutobala kuno kukuthandiza, n'chifukwa chake ndikufuna zithe mvula isanayambe mu Novembala. Pambuyo pake uike timakala tiwiri titatu ta moto m'kati, chizifunda pang'onopang'ono. Mawa lake uyatse burner motsitsa kwa mphindi imodzi, uzimitse, chizizire, ubwerezenso motalikitsako. Ukaona nthunzi ikufuka, madzi akadalimo, usakweze moto. Kuona maso a nkhono n'kudekha, mphwanga. Timing'alu tating'ono ngati tsitsi tisakudetse nkhawa, timabwera ndithu, umangotimata ndi ufa wotsala.

Burner ndakupangira ndekha, ili m'katoni momwemo, koma udziwe mmene imagwirira ntchito kuti ikavuta usamandiimbire pakati pa usiku. Ndi payipi yakuda ya mainchi 3/4, yotalika masentimita ngati 20. Kumbuyo kwake kuli kansonga ka makina owotcherera a MIG, kabowo kake mamilimita 0.8. Gasi akamatuluka pa kabowoko mwamphamvu amakoka yekha mpweya n'kulowa nawo m'payipi. Ndiye sipafunika fani kapena magetsi, ndipo ukakumbuka mmene magetsi ankazimira mu 2024 madzi atachepa ku damu la Kariba, uona chifukwa chake ndasankha yotereyi. Burner imodzi yotere imakwanitsa chipinda cha malita asanu kapena asanu ndi limodzi, ndipo kathanki kako ukakaveka m'kati mudzatsala malita ngati atatu, ndiye moto udzakwana n'kutsalako. Ikadzawonongeka payipi, usadzaikepo yonyezimira ija ya madzi. Imakutidwa ndi zinc, ndipo utsi wake ukaupuma umagona ndi malungo onjenjemera usiku wonse.

Bowo la burner likhale chapamwamba koma chakumbali, mopendeka, kuti lawi lizizungulira m'khoma ngati madzi m'beseni, lisamamenye pa mpeni mwachindunji. Likamenya malo amodzi, nsonga imapsa pamene chapakati sipanafiire. Mlomo wa burner usatulukire m'chipinda, ubisale pang'ono m'khoma, apo ayi udzanyeka.

Reguleta ya pa chitofu cha amayi usaikhudze. Imeneyo imatulutsa gasi mofatsa, wongokwana kuphikira, ndipo burner iyi ndi imeneyo idzangoyaka ngati kandulo. Ndaika m'katoni ina yosinthika, yotulutsa gasi mwamphamvu mpaka 2 bar, ndi payipi yake ya gasi. Pali kanthu kenanso kamene anthu a m'mavidiyo sanena chifukwa ambiri amakhala kufupi ndi nyanja. Lusaka ali pamtunda, mamita pafupifupi 1,280, ndipo kuno ku Johannesburg ndiye kuposa apo, cha m'ma 1,750. Kumtunda mpweya umapepuka, burner imakoka wochepa, moto n'kumakhala ndi gasi wambiri. N'chifukwa chake ndaika kansonga kakang'ono. Poti yayaka bwino kuno, kwanuko siivuta. Uziyang'ana lawi. Likamalira mokhazikika, labuluu, pakamwa n'kumatuluka kalilime kochepa, zili bwino. Likamatuluka lalitali lachikasu, laulesi, mpweya wachepa. Chitsulo chikamasuwa makoko akuda ambiri, mpweya wachuluka, utsekeko pang'ono kumbuyo kwa burner.

Amayi, tsopano ndikulankhula ndi inu. Mantha anu ndi oona, sindikuwatsutsa. Koma tamverani zimene mwana wanuyu azichita, ndipo akaphonya chimodzi mundiuze. Chipalachi chizikhala panja, kuseri kuja kuli mtengo wa mapeyala, osati m'khitchini kapena m'kachipinda kosungira katundu. Chimatulutsa mpweya woipa womwe uja wa mbaula, umene umapha anthu mu Juni akagona atatseka mawindo, ndipo sununkha. Botolo liziima chilili, patali mamita atatu, kumbali, osati kutsogolo kwa moto. Asanayatse azipaka thovu la sopo polumikiza ponse, pakatuluka timathovu ndiye kuti pakudontha, asayatse. Gasi ameneyu ndi wolemera kuposa mpweya, akadontha sauluka, amayenda pansi n'kukadikha m'maenje ndi m'ngalande. Poyatsa aziika kapepala koyaka m'kati kaye, kenako n'kutsegula gasi pang'onopang'ono, nkhope ili kumbali. Pozimitsa azitseka ku botolo poyamba kuti wotsala m'payipi apse athe. Mukadzaona botolo lachita chisanu kunja ngati latuluka m'firiji musadzaope, limatero likamakokedwa kwambiri, angoliika m'beseni la madzi wamba. Madzi otentha ayi.

Za kulimbitsa mpeni tidzakamba bwino chipala chikayaka, koma usunge zinthu izi ukazipeza: masipuling'i akale a galimoto aja aphanthiphanthi, matupa otha, ndi maginito a m'sipika yakufa. Chitsulo chikafika madigiri pafupifupi 770 chimasiya kugwira maginito. Ukaona choncho umachisiya chitenthe pang'ono pokha kuposa apo, n'kuchiviika m'mafuta ophikira ofunda, osati m'madzi. Kenako umachiika mu uvuni pa madigiri 200 kwa maola awiri, kawiri, kuti chisathetheke ngati galasi. Uvuni wa alongo athu ndi womwewo, koma ukawapemphe bwinobwino, ndipo mpeni uutsuke mafuta kaye, asadzapeze masikono akununkha garaja.

Katunduyu ndimupereka kwa kondakitala wa basi ya Lachisanu, yodzera ku Beitbridge ndi Chirundu. Akachedwa pa malire usatekeseke, ndikutumizira nambala yake ukamudikire pa siteshoni ya mabasi ya Intercity. Katoniyo ndi yaikulu koma yopepuka, usalole aikhalire kapena kuisanjikiza matumba, ndipo isanyowe, ufa uja ukangolawa madzi watha ntchito. Ukapeza kathanki kaja ukayeze m'mimba ndi m'litali ndi tepi, unditumizire chithunzi tepiyo ikuoneka, usanadule kalikonse. Foni yatsala pang'ono kuzima. Amayi, ya mankhwala ija ndatumiza masana, muone pa foni ya alongo athu.