Pakati pa injini ndi batire payenera kukhala chiyani?

Amayi ndi abambo, achimwene amene mwaimika njinga zamoto panjapo, sunthirani kuno muone bwino chimene ndagwirachi. Ichi ndi flywheel, chija chimazungulira mukakoka chingwe cha injini. M'katimu muli maginito. Pansi pake pamakhala makoyilo a waya wa kopa osayenda, amakaniko amati stator. Maginito akamadutsa pa makoyilowo, magetsi amabadwa. Jenereta yaing'ono, njinga yoperekera katundu muno mu Johannesburg, makina ena otchetchera kapinga, nzeru yake ndi yomweyi.

Koma magetsi otuluka pamenepo ndi a AC, opita uku ndi uku, pomwe batire imalandira a DC okha, oyenda njira imodzi. Ndiye pakati pamafunika rectifier yowongola magetsiwo, ndi regulator yoletsa kuti asapyole muyezo injini ikathamanga. Panjinga zambiri ziwirizi zili m'kabokosi kamodzi kamizeremizere kuti kazizizira. Kabokosika kakafa, mumaona babu lakutsogolo likupsa sabata ndi sabata, kapena batire ikutha mphamvu muli paulendo. Ambiri amathamangira kugula batire yatsopano, n'kuiphanso.

Yezani kaye musanagule. Multimeter, mita yoyezera magetsi, si yodula, nyumba zitatu mutha kusonkherana imodzi. Batire ya 12V yodzaza bwino, itapuma maola angapo, imaonetsa mavoti 12.6 kapena 12.7 pa mitayo. Ikafika cha pa 12.1 ndiye kuti yatsala theka, ndipo batire ya asidi simafuna kutsitsidwa kupyola pamenepo kawirikawiri. Tsopano lizani injini, muonjezere moto pang'ono. Muyenera kuona pakati pa 13.8 ndi 14.5. Nambala ikangokhala pa 12, sikutchaja. Ikakwera kupyola 15, mukuiphika batire.

Apa ndichedwepo, chifukwa ndi pamene ndalama zikutayika m'mayadi mwathu, ku Rosettenville ngakhale ku Diepsloot. Majenereta ambiri ang'ono ali ndi potulukira polembedwa 12V 8.3A, ndipo munthu amati, “Eya, tchaja ndi imeneyi.” Pa ambiri mwa iwo palibe regulator. Amangothira magetsi ngati mpopi wosiyidwa pa ndowa yodzaza kale. Batire imatentha, madzi amauma, ina imatupa m'mbali. Ine ndimati gulani tchaja yodzizimitsa yokha, muilumikize pa 230V ya jeneretayo. Ngati mulibe, khalani pompo ndi mita m'manja, ikafika 14.4 chotsani.

Mayi akufunsa kuti batire yaing'ono ya makina otsegulira geti ija ingayatse nyumba? Tiwerengere limodzi, mayi. Mababu anayi a LED a 5W ndi 20W. Kugawa ndi 12V ya batire, tikupeza 1.7A, magetsi amene mababuwo akukoka. Kwa maola asanu ndi 8.5Ah, Ah ndiwo muyezo wa magetsi amene batire imasunga. Batire ya pageti ndi 7Ah, ndipo tanena kuti tigwiritse theka lokha. Siikwana. Babu limodzi la pachipinda, inde. Ndipo koyilo ya injini yaing'ono yotulutsa 3A idzafuna maola oposa atatu kubweza zimene mababu anayi adya, petulo akupita. N'chifukwa chake load shedding ikavuta ndi bwino kutchaja batire nthawi imene magetsi abwera, injini ikhale yapangozi.

Fyuzi ikhale pafupi ndi mutu wa pulasi, osati kumapeto kwa waya. Batire ikamatchajidwa imatulutsa mpweya wa hydrogen umene umaphulika, choncho fodya ndi kandulo zikhale kutali.

Za utsi ndilankhula mosanyengerera. Ndikudziwa kuti tikuopa akuba, ndipo mu June kuno kumazizira koopsa. Komabe jenereta isalire m'chipinda, m'galaja kapena pakhonde lotsekedwa. Utsi wake uli ndi carbon monoxide, yosaoneka, yosanunkha, imapha anthu ali m'tulo. Imangeni ndi tcheni panja, kutali ndi zenera.

Amene mwabwera ndi njinga, tiyeni panja tiyambe ndi ya achimwene ovala jekete yofiirawo. Tsegulani pa batire, ine ndikubwera ndi mita.