Kukwera phiri la chipale pa ma ski, komanso bodza la kukuwa lija

Muli bwanji abale anga a ku Ulongwe, a ku Tsangano, ndi inu a mu Tete amene dzuwa likukuwambani uko. Lero tikamba za anthu omwe amadzuka m'bandakucha nthawi yozizira kukakwera phiri lodzaza chipale chofewa, popanda makina owakokera pamwamba, miyendo yawo basi. Dinani kaye subscribe, ma mega anu asapite pachabe.

Choyamba, amakwera bwanji osaterereka? Kunsi kwa ma ski, timatabwa titalitali tovala kumapazi potsetsereka pa chipale, amamata kansalu ka ubweya, ubweyawo unagonera mbali imodzi ndiye kutsogolo kamatsetsereka koma kubwerera m'mbuyo kamaluma. Chidendene chimakhala chomasuka. Pamwamba amamatula kansalu, kukhoma chidendene, n'kutsika. Kukwera maola, kutsika timphindi.

Chachiwiri, pokwera savala chijekete, thukuta likazizira pathupi ndiye mavuto. Basi.

Chachitatu, apa khalani pansi bwinobwino chifukwa zimandinyansa. Mumafilimu munthu amangokuwa kamodzi chipale cha paphiri lonse n'kugumuka. Bodza! Bodza lamkunkhuniza! Mukuwe mpaka mawu athe, muitane mbuzi zonse za ku Domwe, chipale sichisuntha, mawu alibe mphamvu imeneyo. Chimene chimagumula ndi kulemera kwa munthu. Tayerekezani mwamwaza nyemba pansi potsetsereka, pamwamba mwayala mphasa. Ikuoneka bwinobwino eti? Ikuwireni muone ngati ichoka. Koma ipondeni, mupita nayo limodzi. Chipale chimakhalanso choncho, pamwamba pali chigawo cholimba ngati thabwa, pansi pali chonyenyeka ngati shuga, munthu akaponda chapansicho chimaphwanyika, nthawi zina amamva kaphokoso koti fuu pansi pa mapazi, mng'alu n'kuthamanga mbali zonse, thabwa lonse n'kuyamba ulendo iye ali pomwepo. Ngozi zambiri zopha anthu, pafupifupi 9 mwa 10 zilizonse, woyambitsa amakhala mwini wakeyo kapena mnzake wa pagulupo. Ndiye wina anandilembera kuti "ingoyendani chete". Achimwene, chete sakupulumutsani. Yang'anani phirilo kuti lapendekeka bwanji, poopsa kwambiri ndi pakati pa madigiri 30 ndi 45, ndipo tsoka lake pamenepo ndi pomwe pamakoma kutsetsereka. Ku Ulaya amalengeza tsiku ndi tsiku kuopsa kwake kuyambira 1 mpaka 5, anthu amawerenga asanamwe n'tiyi yemwe.

Ngati munkakhulupirira za kukuwazi vomerani mu ndemanga, sitikusekani. Mwina pang'ono.

Chachinayi, kapena ndi chachisanu kaya, katundu. Aliyense amavala kawailesi kakang'ono kotumiza siginolo, m'chikwama muli fosholo ndi ndodo yopinda yofufuzira. Munthu akakwiririka anzake ali ndi mphindi ngati 15 zokha, kupitirira apo mpweya umamuthera, chipale chija chikaima chimauma gwa. Ambulansi siifika nthawi yake, okufukulani ndi omwe mwayenda nawo.

Mpikisano wokwera phiri pa ma ski unalowa mu Olympics ya 2026 ku Bormio, Italy. Ife kuno malo a ma ski apafupi ali ku Lesotho, June mpaka August, nthawi yomweyi timakhala tikuwotha moto ku Tsangano. Tumizani vidiyoyi ku gulu lanu la WhatsApp, makamaka kwa achimwene a "chete" aja.