Za chipembedzo ndi kampeni, zomwe zinayankhulidwa pa msonkhano wa bungwe lathu la maliro ku Mayfair, ku Johannesburg

Zikomo a tcheyamani, zikomo a shehe, abusa amene muli nafe, amayi ndi abambo, ndi achinyamata kumbuyoko, mukundimva eti? Chabwino. Ndikudziwa ena mwachokera ku Diepsloot ena ku Rosettenville mwakwera mataxi awiri kuti mufike pano, ndipo ena mukulowa ntchito usiku womwe uno, ndiye ndiyesetsa kufulumira koma nkhaniyi musandithamangitse nayo chonde.

Komiti inandipempha kuti ndiyankhule chifukwa cha zimene zinachitika pa gulupu yathu ya WhatsApp nthawi ya kampeni ya 2025. Gulupu ija tinaitsegula kuti tizidziwitsana za matenda, maliro ndi zopereka, koma inasanduka bwalo la mikangano, uyu waponya vidiyo ya mneneri kuti Mulungu wandionetsa wakutiwakuti ndi amene awine, uyu wayankha kuti Msilamu weniweni sangavotere uje, wina akuti Mkhristu wovotera uje wagulitsa Yesu, mpaka anthu amene takhala tikunyamula nawo mabokosi zaka zonsezi anatuluka pa gulupu ndipo ena lero sanabwere. Zimandipweteka zimenezi.

Ndipo taganizani, ife kuno ku Joni sitivota nkomwe. Kulibe dongosolo loti M'malawi avotere kunja, ukafuna ndiye ukwere basi pa Park Station ukalembetse kumudzi, ubwerenso, upitenso tsiku lovota, ndani ali ndi ndalama zimenezo. Koma musadzichepetse. Munthu amene amatumiza kangachepe pa Mukuru mwezi ndi mwezi, wolipira fizi, wogula feteleza, akaimba foni n'kunena kuti amayi abusa athu kuno anena kuti muvotere wakuti, mawu amenewo amalemera kumudzi kuposa msonkhano wa kampeni. Ndiye zimene timatumiza tili nazo ndi udindo.

Ndiyambe ndi chaka cha 1992 chifukwa achinyamata ambiri muno munali musanabadwe. Pa 8 Malichi chaka chimenecho, Lamulungu loyamba la Lenti, m'matchalitchi a Katolika m'dziko lonse munawerengedwa kalata ya maepiskopi, pa Chingerezi ankaitcha Living Our Faith. Ine ndinali mnyamata, ndinakhala pansi kutsogolo ndi ana anzanga, sindinkamva zonse koma ndimakumbuka kuti azibambo anali chete modabwitsa, ena akuyang'ana kukhomo. Nthawi imeneyo kutchula dzina la Kamuzu molakwika kunali kokwanira kuti usowe. Kalata ija inanena za malipiro ochepa a anthu ogwira ntchito, kusiyana kwa olemera ndi osauka, masukulu ndi zipatala zosakwanira, anthu otsekeredwa popanda kuzengedwa mlandu, ndiponso kuti anthu akuopa kuyankhula m'dziko lawo lomwe. Boma linati kalatayo ndi youkira, kupezeka nayo unali mlandu, maepiskopi ndi Archbishop James Chiona anaitanidwa kupolisi, Monsignor John Roche wa ku Mzuzu anathamangitsidwa m'dziko, ndipo malo osindikizira mabuku a Montfort ku Balaka anawatentha. Chaka chomwecho kunabadwa bungwe la Public Affairs Committee (PAC), momwe munali Akatolika, a CCAP, Anglican, Asilamu, maloya ndi amalonda pamodzi, ndipo pa 14 Juni 1993 tinavota riferendamu ya matipate.

Tsopano chimene ndikufuna muchigwire ndi ichi, mu kalata yonse ija munalibe dzina la munthu woti timuvotere. Mulibe. Anatchula zovuta za anthu, anauza olamulira zoona pamaso, iwo eni n'kulowa m'mavuto chifukwa cha zimenezo. Sanalandirepo kanthu. Ndiye akamabwera munthu kuti azipembedzo asalowerere ndale, ine ndimakana, chifukwa akanakhala chete mwina tikanachedwa kwambiri kupeza ufulu umene tikukangana nawo lerowu. Paja wakutsina khutu ndi mnansi. Anachitanso chimodzimodzi nthawi ya Bakili Muluzi pamene ankafuna kupitirira materemu awiri, mipingo inaima nji, ndipo pa 4 Julayi 2002 bilu ija inagwa ku Nyumba ya Malamulo posowa mavoti atatu okha. Anachita kwa Bingu, yemwe anali Mkatolika mnzawo, mu 2010 ndi 2011. Anachita kwa a Chakwera mu Febuluwale 2024, m'busa mnzawo wa uthenga womwewo. Mwaona? Azipembedzo anadzudzula pulezidenti Msilamu, anadzudzula Mkatolika, anadzudzula m'busa. Imeneyo ndiye ntchito yawo ndipo ndimaiyamikira.

Koma pali china chimene chimavala mkanjo wofanana koma ndi nyama ina. Ndikuuzeni zimene ndinaona ndi maso anga kwathu ndisanabwere kuno, sinditchula mpingo kapena chipani. Tinali ndi pepa sande yoti timalizire denga la tchalitchi, chaka cha chisankho, kunabwera bwana wina ndi magalimoto ambiri, anamukhazika kutsogolo pampando wa alendo olemekezeka, anatsitsa matumba a simenti ndi malata, envulopu anaikweza m'mwamba kuti aliyense aione, amayi nthungululu, ndipo anamupatsa maikolofoni pa gome pomwe pamalalikidwa mawu. Anayankhula nthawi yaitali kuposa ulaliki. Pamapeto anamugwaditsa n'kumusanjika manja kuti uyu ndi Davide wathu. Denga linatha inde, sindinganame. Koma chichokereni tsiku limenelo abusa athu sanathenso kutchula za mankhwala osowa pachipatala chathu, kapena za makuponi a feteleza omwe ankasowa m'manja mwa anthu a chipani chomwecho, pakamwa panali patatsekedwa ndi simenti. Ndipo akhristu a zipani zina anayamba kukhala kumbuyo, ena anasamukira mpingo wina, kwaya inagawanika pakati. Mayi anga omwe anasiya kupita ku chigwirizano kwa miyezi chifukwa chitenje chawo chinali cha mtundu wolakwika.

Lamulo la zipani la 2018 linaletsa kugawa ndalama ndi katundu pofuna kukopa mavoti, ndipo linasiya mpata wa chopereka cha chipembedzo chimene munthu wapereka osalengeza. Osalengeza. Ndiye wandale akafuna kupereka kwa Mulungu wake palibe womuletsa, aponye m'mbale ngati tonsefe, apereke sadaka yake mwakachetechete. Koma akabwera ndi makamera ndi atolankhani ndiye kuti sakupereka, akugula, ndipo chimene akugula si denga ayi, ndi inu amene mwakhala pansi pa dengalo.

Nanga n'chifukwa chiyani andale amathamangira kumeneko? Yankho ndi losavuta, ndi masamu. Kalembera wa 2018 anapeza kuti pa anthu 100 aliwonse m'Malawi, pafupifupi 17 ndi Akatolika, 14 ndi a CCAP, ndipo Asilamu nawo ali pafupi ndi 14, kenako a Seventh Day, a Pentekoste, Anglican ndi ena ambirimbiri. Palibe msonkhano wa chipani umene ungasonkhanitse anthu sabata ndi sabata, Lachisanu, Loweruka, Lamulungu, okhala chete kumvetsera munthu mmodzi amene amamukhulupirira, osawalipira thiransipoti. Wandale aliyense amasirira zimenezo. N'chifukwa chake posankha wachiwiri amawerengera chigawo komanso chipembedzo. Bingu mu 2004 anatenga Cassim Chilumpha, Msilamu wa ku Nkhotakota. A Chakwera mu 2019 anatenga malemu Sidik Mia wa ku Chikwawa, Msilamu. Mu 2020 a Peter Mutharika anatenga Atupele Muluzi, pomwe a Chakwera anatenga malemu Saulos Chilima, Mkatolika wodziwika. Zimenezi ine sindiziona ngati tchimo, bola ndi kuphatikiza anthu osati kuwagawa.

Koma masamu omwewo akutiphunzitsa chinthu china chimene aneneri a pa foni safuna tizikumbukira. Palibe chipembedzo kapena mpingo umodzi umene ungaike munthu ku Sanjika pawokha, makamaka pano pomwe wopambana ayenera kudutsa theka la mavoti kuchokera pa chigamulo cha khothi cha pa 3 Febuluwale 2020. Mu 1994 Muluzi, Msilamu, anapeza mavoti pafupifupi 47 pa 100 aliwonse. Anachokera kuti mavoti onsewo? Akhristu anamuvotera, ambirimbiri, ndipo amene anamugonjetsayo Kamuzu anali mkulu wa mpingo. Makolo athu sanafunse kuti amapemphera tsiku liti, anafunsa kuti ndani atichotse mu ulamuliro wa chipani chimodzi.

Ndiye tibwere kwa a Lazarus Chakwera, ndipo pano a MCP ndi a DPP nonse mukhale phee, sindikunyoza munthu. Anatsogolera mpingo wa Assemblies of God kuyambira 1989 mpaka 2013 pamene anatula pansi udindo n'kulowa ndale. Pa 23 Juni 2020 anapambana ndi mavoti oposa 58 pa 100, ndipo ambiri a ife, ine ndemwe, tinali ndi chiyembekezo chachikulu kuti munthu wa Mulungu walowa, katangale watha. Pa 16 Seputembala 2025 anthu omwewo, a m'matchalitchi momwemo, anamupatsa pafupifupi 33 pa 100 n'kubwezeretsa a Mutharika. Chinasintha n'chiyani, chikhulupiriro cha anthu? Ayi. Anthu anagona pa mizere ya mafuta, kwacha inagwa, thumba la chimanga ndi la feteleza zinakwera mitengo, inu nomwe mumaona kuti ma rand omwe mumatumiza akufika ambiri pa pepala koma osagula kanthu. Ubusa sunamuteteze, ndipo amene alipo panowa nawonso mapemphero a pa kampeni sadzawateteza akalephera. Mbali inayo nayonso inali ndi abusa ake, wachiwiri wa a Mutharika mayi Jane Ansah ndi m'busa, ndiye mukati Mulungu anali mbali iyi, enawo ayankha chiyani?

Mbali yoopsa ndiyo iyi, ndipo a shehe akuidziwa bwino kuposa ine. Kampeni ya 1999 kunafala mphekesera zoti Muluzi akufuna kusandutsa dziko lonse kukhala la Chisilamu. Zinkanenedwa m'misika, m'maminibasi, ena pa gome penipeni. Zotsatira zitatuluka kuti wapambananso, mizikiti inatenthedwa kumpoto, mabanja achisilamu anathawa m'nyumba zawo, anthu ogulitsa nsomba ndi osoka zovala omwe sanaonanepo ndi Muluzi chibadwire. Nthawi imeneyo kunalibe WhatsApp, mphekesera inkayenda wapansi. Lero uthenga umodzi wochoka mu chipinda ku Hillbrow ufika ku Mangochi ndi ku Karonga tiyi asanazizire. Ndipo ife tikudziwa kuthamangitsidwa kumawawa bwanji, amene munali kuno mu 2008 ndi 2015 mukukumbuka. Amene ankatithamangitsa sanafunse kuti ndiwe wa Katolika kapena wa ku mzikiti, tinakwera mabasi amodzi.

Kuno nakonso zilipo, musaganize kuti ndi matenda a kwathu kokha. Pasaka akafika andale amakhamukira ku Moria, ku likulu la mpingo wa Zion Christian Church (ZCC), mu 1992 Mandela, De Klerk ndi Buthelezi onse atatu anapita kumeneko. Mu 2009 Jacob Zuma anakayankhula ku tchalitchi cha Rhema ku Randburg chisankho chili pafupi ndipo anthu anakangana nazo kwambiri. Kuli chipani chachikhristu cha ACDP cha abusa Kenneth Meshoe, kuli chipani chachisilamu cha Al Jama-ah chomwe mu 2023 chinatulutsa mameya awiri a mzinda uno wa Johannesburg. Koma tawonani ACDP, dziko lodzaza Akhristu chonchi, mipando yake ku palamenti ndi yowerengeka pa zala. Wovota akalowa mu kachipinda kaja amakumbukira magetsi, madzi ndi ntchito.

Ndiye abusa ndi a shehe athu kuno, ndikupempha mwaulemu, tiphunzitseni. Tiuzeni kuti kuba ndalama za mankhwala ndi tchimo posatengera wakuba wavala mtundu wanji, tiuzeni kuti kulandira K5,000 kuti uvotere munthu ndi kudzigulitsa, pemphererani onse opikisana akabwera, koma dzina la woti timuvotere mutisiyire, ndipo maikolofoni ya pa gome isapite m'manja mwa munthu wofuna mavoti. Inu mukatchula dzina, theka la anthu anu mwawauza kuti pano si kwanu.

Kwa tonsefe, uthenga ukabwera woti mneneri waona masomphenya a chisankho, musanautumize kwa amayi kumudzi dzifunseni kuti wayamba nawo ndani, ndipo akalephera munthuyo mneneriyo adzabwera kudzapepesa? Kandimverere anakanena za m'maluwa. Ndaona mavidiyo a aneneri osiyana aliyense akulumbira dzina la Mulungu yemweyo pa anthu osiyana, ndipo olakwitsawo anangofufuta vidiyo n'kupitiriza kulandira chopereka.

Chaka chatha pamene m'bale wathu uja anatisiya, mukukumbuka, amene anayenda khomo ndi khomo ku Fordsburg kutolera ndalama zoti thupi lipite kumudzi anali anyamata a ku mzikiti, ndipo malemuyo anali wa CCAP. Mmodzi mwa anyamata amenewo ali m'gulu la omwe anatuluka pa gulupu chifukwa cha zimene zinalembedwa za chipembedzo chake. A sekilitale, nambala zawo muli nazo, ndikupempha kuti tisanabalalike lero tisankhe anthu atatu, mayi mmodzi, bambo mmodzi ndi wachinyamata, akawayendere kumene akukhala sabata ino, osati pa foni ayi, apite ndi miyendo. Ine ndikhala m'gulu lopitalo ngati mundilola. A tcheyamani ndabweza kwa inu, ndaona amayi awiri uko akweza manja.